KUNSI KWA GALIMOTO YA ATSIBWENI

Kwathu ndi ku Phalombe, m'mudzi wina umene uli pakati pa Migowi ndi Chiringa. Ukaima pakhomo pathu m'mamawa, phiri la Michesi limaoneka ngati ungalikhudze ndi dzanja. Anzanga ambiri kuno ku sukulu amadziwa kuti bambo anga adatisiya ndili wamng'ono, koma ndi ochepa amene amadziwa kumene fizi yanga imachokera. Lero ndaganiza zoulula. Fizi yanga, sopo wanga, ngakhale nsapato zimene ndimapaka polishi Loweruka lililonse, zonsezi zimachokera m'galimoto yokalamba ya atsibweni anga, mlongo wawo wa amayi. Paja kwathu kuno mwini mbumba ndiye amasenza ana a mlongo wake.

Galimotoyi ndi pikiapu yoyera yonyamula katundu wa tani imodzi, ndipo idayamba kuyenda ine ndisanabadwe. Kumbuyo kwake adalembako ndi penti wobiriwira mawu akuti PANG'ONO PANG'ONO, tsono anthu onse a kwathu amangoitchula dzina lomwelo. Kawiri pa mulungu imapita ku Swang'oma, m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, kukatenga amalonda a matemba ndi milamba. Nthawi yokolola imatuta chimanga ndi nandolo. Mvula ikayandikira imatuta feteleza. Munthu akadwala pakati pa usiku, achibale ake amagogoda pa zenera la atsibweni, ndipo Pang'ono Pang'ono amadzuka kupita naye ku chipatala. Pa maliro ndiye amanyamula bokosi, amayi oimba ali m'mbali. Kunena zoona, galimoto imeneyi ndi munda wathu wachiwiri.

M'mwezi wa Malichi 2023 namondwe wa Freddy adagwetsa mvula yosalekeza m'maboma a kummwera, ndipo Phalombe lidali limodzi mwa maboma amene adavutika kwambiri. Za anthu amene tidataya sindilemba pano, poti imeneyo ndi nkhani yofuna masamba akeake. Akuluakulu ankangoti zawakumbutsa za pa 10 Malichi 1991, tsiku limene Napolo adatsika m'phiri la Michesi ndi miyala, mitengo ndi matope, nakokolola midzi. Nyumba ya atsibweni idapulumuka, koma madzi adadzaza pabwalo, ndipo galimoto ija idakhala m'matope ofika pakati pa zitseko kwa masiku anayi. Madzi ataphwera, atsibweni adaitana makaniko. Adakhetsa oilo yense nathira wina, adaumitsa mawaya, adatsuka mipando ndi kunja konse. Injini italira, anthu adaomba m'manja ngati munthu wauka kwa akufa. Kuyambira tsiku limenelo galimotoyo sidapumenso, poti aliyense ankafuna kututa malata, milimo ndi chakudya.

Ine ndidafika kumudzi m'mwezi wa Ogasiti chaka chomwecho, nditangomaliza Fomu 1. Ndidapeza atsibweni ali ndi nkhawa. Chiphaso cha COF, chija chotsimikiza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu, chinkatha kumapeto kwa mweziwo, ndipo ankayenera kupita nayo ku Blantyre kukaiyezetsa. Popanda chiphasocho sakadayendanso pamsewu waukulu. Tsiku lina m'mawa kudabwera uthenga wa maliro a kuchimuna kwawo. Poti mafuta adali ochepa, adakwera njinga. Akutuluka adandiponyera makiyi nati, "Mphwanga, undisamalire nkhalambayi. Ndikabwera mkucha tidzaione bwino tisanapite nayo ku tauni."

Iwo adati tidzaione. Ine ndidamva ngati akuti ndiiwalitse. Mtima wa mwana wa sekondale mukuudziwa nonse. Ndidaganiza kuti nawu mwayi woonetsa atsibweni kuti ndalama zawo sizikupita pachabe. Akazi awo atandifunsa ngati ndikudziwa katsukidwe ka galimoto, ndidayankha monyada kuti munthu wotsuka makalasi ndi mbale za anthu mazana awiri sangalephere kagalimoto kamodzi.

Ndidayamba ntchito dzuwa lili paliwombo. Ndidatenga sopo wa ufa wochapira zovala, ndidamuthira wambiri mu ndowa mpaka thovu kusefukira, ndipo ndidang'amba malaya akale kukhala nsanza. Fumbi la Ogasiti sindidayambe ndalitsuka ndi madzi okha ayi. Ndidangoviika nsanza ndi kuyamba kukhula, kuyambira ku matayala kukwera m'mwamba, ndi ndowa imodzi yomweyo. Madzi adasanduka phala la matope koma ine ndinkangopitiriza. Chitsulo chidali chotentha kotero kuti sopo ankauma ndisanamutsukuluze, nasiya mizere yotuwa. Nditaona zimenezo ndidakhula mwamphamvu koposa, osadziwa kuti mchenga umene udali m'nsanzamo ukukanda penti.

Kenaka ndidapeza kachitini ka polishi wa galimoto kuseri kwa mpando. Atsibweni ankakasunga ngati mankhwala. Ndidatapa ndi dzanja lonse ngati ndikupaka majarini pa buledi wa mlendo, ndi kupaka galimoto yonse nthawi imodzi. Pamene ndinkafika kumbuyo, wa kutsogolo n'kuti atauma gwaa ngati laimu. Ndidalimbana naye mpaka madzulo, manja atachita matuza. Ndili pa ntchitoyo ndidaona kuti m'munsi mwa zitseko ndi pamwamba pa matayala akumbuyo penti watupa timatuza tambirimbiri ngati nthomba, ndipo pena pakutuluka timadzi tofiirira. Zidandinyansa. Ndidatapa polishi wina wambiri ndi kumata pamenepo kuti pasaoneke.

Ngakhale zidali choncho, galimoto idawala ndithu, makamaka ukaima patali. Ana a m'mudzi adabwera kudzadziyang'anira nkhope pa zitseko. Mayi wina wochokera ku mjigo adafunsa ngati atsibweni agula ina. Usiku umenewo ndidagona mtima uli m'malo, ndikuwerengeratu mawu oyamikira amene ndidzamve.

Atsibweni adafika tsiku lachitatu chakumasana. Adatsamiritsa njinga pa mtengo wa mango, adaizungulira galimoto kamodzi osanena kanthu, kenaka adadutsitsa chikhato pa boneti. Atafika pa chitseko cha kumanzere adanjuta. Adayang'ana nthawi yaitali pamene ndidamata paja.

"Apa wapaka ndiwe?"

"Eya, atsibweni. Padali poipa."

"Tsopano pakoma?"

Sindidayankhe. Adandituma sikuludiraiva. Adaika nsonga yake pa thuza limodzi nakankha pang'ono chabe, monga mmene munthu amayesera papaya ngati lapsa. Sikuludiraiva idalowa yonse mpaka pa chigwiriro. Ataizula, padagwa tizibenthu tofiira ngati makoko a mtedza wokazinga.

"Chikomekome cha mkuyu," adatero atsibweni, osamaliza mwambiwo. Adayala thumba pansi nandiuza kuti ndigone chagada ndi kulowa kunsi kwa galimoto. Iwo adalowa mbali inayo.

Abale anga, zimene ndidaona kumeneko sindidzaziiwala. Matope a Malichi adali momwemo. Adali atamatirira m'makona onse a chassis, zitsulo zikuluzikulu zija zimene zili ngati msana wa galimoto. Adali pamwamba pa tanki ya mafuta, pakati pa masipulingi, ndi m'kati mwa madigadi. Kunja adali ouma ngati njerwa. Koma atsibweni atabenthula chibuma chimodzi, m'kati mwake mudali mozizira ndi monyowa, miyezi isanu chigwere mvula ija. Pansi pa chibumacho chitsulo chidali chofiira, chikusendeka ngati khungwa la bulugamu.

Atsibweni adatsata ndi chala kapaipi kena kakang'ono ngati pensulo, kochokera kutsogolo kupita ku matayala akumbuyo. Pamalo pena chala chawo chidaima. Kapaipiko kadali katadyeka, ndipo padali ponyowa ndi timafuta. Adanunkhiza chalacho, nakhala chete. Kenaka adandifunsa ngati ndikudziwa ntchito ya kapaipi kameneko. Nditakana, adati, "Umu ndi mmene mumadutsa mafuta a mabuleki. Kakaphulika aka uli potsetsereka, ukaponda buleki phazi limangofika pansi." Ndidakumbukira amayi khumi ndi awiri amene ndidawaona atakhala pamwamba pa madengu a nsomba mulungu womwewo, wina ali ndi mwana kumbuyo. Thupi langa lonse lidachita tsembwe.

Ndinkayembekeza kukalipiridwa chifukwa cha polishi amene ndidamwaza. Koma madzulo a tsikulo, titakhala pakhonde, atsibweni adanena mawu amene sindidawayembekezere kwa munthu wamkulu. Adati, "Iwe wamata dzimbiri tsiku limodzi chifukwa cha kusadziwa. Ine ndalimata miyezi isanu ndikudziwa. Chichokere madzi aja ndakhala ndikuopa kusuzumira kunsiku. Ndinkadziwa kuti ndikayang'ana ndipeza zofuna ndalama, ndipo ndalama imene ndinali nayo ndi ya fizi yako." Adatulutsa kabuku kawo ka mawerengero. Ndalama zidalipo zokwana chinthu chimodzi: kukonza galimoto, kapena kunditumiza ku sukulu ndi fizi yonse. Zonse ziwiri sizikadatheka.

Adaitanitsa amayi, ndipo nkhaniyo idakambidwa ine ndili pomwepo. Amayi adamvetsera mpaka kumapeto, kenaka adati, "Achimwene, ng'ombe ikafa mkaka tiutenga kuti? Konzani galimoto. Ndipo musanyamulenso munthu mpaka kapaipi kameneko katachoka." Adalonjeza kugulitsa nandolo wawo woyamba, ngakhale ankafuna kumusunga kuti mtengo ukwere. Atsibweni adati agulitsa mbuzi ziwiri. Za wowotcherera ndi makaniko zokha ndi zimene tikadalipira. Ntchito ina yonse idali yoti tigwire tokha pakhomo. Apo ndidazindikira kuti tchuthi changa chathera kunsi kwa galimoto.

Pa nthawiyo sindinkamvetsa kuti matope wamba angadye bwanji chitsulo. Ndidadzamvetsa nditabwerera kuno, tsiku limene aphunzitsi a sayansi adaika misomali m'timabotolo tinayi. Msomali wa m'kabotolo kouma, mmene adaikamo mankhwala oyamwa chinyezi, sudasinthe. Wa m'madzi owiritsa, amene adawatseka ndi mafuta pamwamba kuti mpweya usalowe, nawonso sudasinthe. Wa m'madzi wamba osatseka udachita dzimbiri, ndipo wa m'madzi a mchere udachita dzimbiri msanga kuposa onse. Anzanga ankakopera zimenezi pokonzekera mayeso, koma ine ndinkaona Pang'ono Pang'ono. Chitsulo chimachita dzimbiri chikakumana ndi zinthu ziwiri pamodzi, madzi ndi mpweya wa okosijeni, ndipo mchere umafulumizitsa ntchitoyo. Madzi a mvula akagwa pa boneti amauma msanga. Koma matope amasunga chinyezi pa chitsulo usana ndi usiku. Komanso dzimbiri limafufuma, limatenga malo aakulu kuposa chitsulo chimene ladya. N'chifukwa chake limakankha penti kuchokera m'kati mpaka kutupa matuza. Ukaona thuza kunja, dziwa kuti m'kati ntchito idayamba kale.

Za mchere nazo kwathu sizisowa. Nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Mitsinje monga Phalombe, Likangala ndi Domasi imangothiramo, madzi amachoka pouma ndi dzuwa, mchere n'kumatsalira. Paja nyanjayi idaphweratu mu 1968 ndi mu 1995. Tsono madzi ndi matope a kumeneko ali ndi mchere, ndipo galimoto yathu inkawaponda kawiri pa mulungu, madengu a nsomba zaziwisi akudonthezera m'bodi. Feteleza naye ndi mdani wina. Timibulu take tikatayikira m'ming'alu ya bodi timayamwa chinyezi ndi kuyamba kudya chitsulo mwakachetechete. Freddy adangomaliza ntchito imene nsomba ndi feteleza zidayamba kalekale.

Ntchito yathu idatenga masiku asanu ndi anayi. Tsiku loyamba tidaikankhira galimoto pamalo olimba ndi athyathyathya, kutali ndi mjigo. Atsibweni adaikweza ndi jeki mbali imodzi imodzi, naika zipika zikuluzikulu za mtengo pansi pa chassis, kenaka tidachotsa matayala. Adandichenjeza kuti ndisadzayerekeze kulowa kunsi kwa galimoto imene yakhalira jeki yokha, poti jeki ikaterereka sipereka nthawi yothawa. Tidayamba kugwetsa matope ndi timitengo ndi supuni yakale. Adadzaza wilibala katatu. Kenaka ine ndi asuweni anga tidatunga madzi ku mjigo, ndowa pa ndowa, atsibweni akuwaza ndi pampu ija yopopera mbewu, imene tidayamba taitsuka bwino. Tidatsuka mpaka madzi otsika adayera.

M'kati namo tidachotsa mipando ndi mphira wa pansi. Kunsi kwa mphirayo kudali chinyezi ndi fungo la nkhungu. Atsibweni adandionetsa timabowo tating'ono tili kunsi kwa chitseko chilichonse. Adati madzi a mvula amalowa ndithu m'kati mwa chitseko kudzera m'mbali mwa galasi, ndipo timabowoti ndi potulukira pake. Tonse tidali titatsekeka ndi dothi. Nditatokosa kamodzi ndi sipoko ya njinga, mudatuluka madzi akuda okwana kapu. Apo ndi pamene ndidadziwa gwero la matuza aja. Pamalo pokhala batire padali ufa woyera wa asidi. Pamenepo tidasungunula soda, yemwe uja amayi amathira m'therere, ndi kutsuka mpaka thovu lidaleka. Titatero tidaisiya galimoto masiku awiri, zitseko zili pululu, kuti dzuwa ndi mphepo ya Ogasiti ziumitse paliponse. Atsibweni adati kupaka penti pa chitsulo chonyowa n'chimodzimodzi kutsekera mbala m'nyumba.

Masiku atatu otsatira adali a bulashi ya waya ndi sandipepa. Lamulo lidali limodzi: pala mpaka uone chitsulo choyera. Ndidamanga kansalu kumphuno ndi kuvala magalasi akale, koma madzulo ndinkatuluka wofiira ngati ndagona pa chulu. Pamene ndatopa ndinkafuna kulumpha malo obisika, koma atsibweni ankabwera ndi tochi ndi sikuludiraiva ija kudzagogoda. Chitsulo chabwino chimalira ngwee, chodyeka chimalira ngati chikatoni. Mwamwayi chassis idapezeka kuti idangodyeka pamwamba. Malo obooka adali anayi: m'munsi mwa zitseko ziwiri, pansi pa mapazi a dalaivala, ndi pakona ya bodi. Amenewa polishi kapena penti sakadawachiza. Wowotcherera wa ku Migowi adabwera ndi makina ake, adayamba wachotsa batire ndi kutchinga tanki, adadula zowola zonse nawotcherera zigamba za chitsulo chatsopano. Makaniko adachotsa kapaipi ka mabuleki kaja naika katsopano, ndipo ine ndidakhala pa mpando kuponda buleki ndi kusiya, kuponda ndi kusiya, iye akutulutsa mpweya m'mapaipi.

Paliponse pamene tapala tinkapukuta fumbi ndi kupaka tsiku lomwelo penti wofiira woyambira, amene m'masitolo a zitsulo amamutchula kuti red oxide. Chitsulo chopala chikagona usiku umodzi pa mame, m'mawa chimapezeka chayambanso kufiira. Woyambayo atauma tidapaka kachiwiri, kenaka kunsi konse tidapaka penti wakuda wokhala ngati phula la pamsewu. Pa mabauti, pa mahinjesi a zitseko ndi pakati pa masipulingi tidapaka girisi. Koma atsibweni adandiletsa kufikitsa penti kapena girisi pa mabuleki, pa paipi ya utsi imene imatentha, ndi pa timabowo tija ta madzi.

Tili pa ntchitoyo padafika bambo wina woyandikana nafe, amene adayendetsapo malole. Adatiseka kuti tikutaya ndalama, nati iye ankangowaza oilo wakutha wa mu injini kunsi konse, basi. Atsibweni adavomera kuti oilo amatchinga madzi ndithu, ndipo ambiri amachita zimenezo. Koma adati oilo wakuda uja amafewetsa ndi kuwononga mphira, amakola fumbi la m'misewu yathu mpaka kusanduka matope ena, ndipo amadontha paliponse pamene galimoto yaima. "Pabwalo pano pamasewera ana," adatero, "ndipo mvula ikagwa zonse zimatsikira ku dambo kumene timamwetsa mbuzi." Bamboyo adapukusa mutu nachoka, koma mawa lake adabweranso kudzabwereka bulashi ya waya.

Kutsuka ndi kupaka polishi, kumene ine ndidayambira, kudakhala komalizira. Tidadzuka tambala wachiwiri atangolira, chitsulo chikadali chozizira. Poyamba tidathira madzi okha kuti fumbi litsike lokha popanda kulikhula. Tidakonza ndowa ziwiri, ina ya madzi a sopo wofewa pang'ono chabe, ina ya madzi oyera otsukuluzira nsanza isanabwerere ku sopo. Motero mchenga unkatsalira mu ndowa yachiwiriyo. Tidayambira pa denga kutsika m'munsi, matayala pomalizira ndi nsanza yakeyake. Atsibweni adati sopo wa ufa ndi waukali, amachotsa phula lonse loteteza penti ndi kumusiya wotuwa. Titatsukuluza tidapukuta ndi nsalu yofewa madzi asanaume okha.

Polishi amene adatsala m'kachitini adali wochepa, koma adakwana, poti kapakidwe kake n'kosiyana ndi kamene ndidachita ine. Umatapa pang'ono ndi kansalu, n'kupaka mopyapyala pa kachigawo kamodzi, monga theka la boneti, uli pamthunzi. Ukadikira pang'ono pamachita mbuu. Ukadutsitsa chala n'kuona kuti pasiya mzere woyera bwino osanyerezeka, ndiye kuti nthawi yopukuta yakwana. Ukapukuta ndi nsalu youma, n'kusunthira pena. Pa zigamba zimene tidangopaka penti watsopano sitidapakepo, poti penti amafuna milungu ingapo kuti akhwime. Pa chitinipo padalembedwa mawu akuti carnauba. Ndidadzafufuza pambuyo pake ndi kupeza kuti limeneli ndi phula lochokera ku masamba a mtengo wa mtundu wa mgwalangwa umene umamera kumpoto chakummawa kwa Brazil. Mtengowo umadzikuta nalo kuti usataye madzi m'chilimwe, ndipo silisungunuka mpaka kutentha kutapitirira madigiri 80. N'chifukwa chake limapirira dzuwa la pa boneti.

Titamaliza, atsibweni adatapa madzi m'kapu nawaza pa boneti. Madziwo adasanduka timikanda, nagubuduka kugwa pansi. Adati, "Ntchito ya polishi ndi imeneyi. Amateteza penti, penti n'kumateteza chitsulo. Ukadzaona madzi ayamba kuyala osachitanso mikanda, pakatha miyezi iwiri kapena itatu, udziwe kuti watha. Koma polishi sachiza. Amasunga chimene chili bwino kale." Kenaka adandiyang'ana, namwetulira koyamba m'masiku onsewo. "Ukadandifunsa, mphwanga. Paja safunsa adadya chiyani?" Ndidayankha kuti phula. Adaseka mpaka kutsokomola, nati ine ndiye ndidadya chitini chathunthu.

Ku Blantyre ndidapita nawo. Woyeza galimoto sadayang'ane n'komwe kuwala kwa boneti. Adayesa mabuleki, magetsi ndi chiwongolero, nasuzumira kunsi ndi tochi. Chiphaso chidatuluka tsiku lomwelo. Pobwerera atsibweni adandigulira chipisi pa Limbe, ndipo njira yonse ankaponda buleki pafupipafupi popanda chifukwa, akumwetulira okha.

Ku sukulu ndidabwerera ndi theka la fizi ndi kalata yopepesa. Ndidachita manyazi poipereka, koma adandilandira, ndipo ndalama yotsalayo idafika m'mwezi wa Novembala, galimoto itatuta feteleza wa anthu. Nandolo wa amayi adapita pa mtengo wotsika, ndipo chaka chimenecho sadagule chitenje cha Khirisimasi. Zimenezi sindiziiwala. Mizere imene ndidakanda ndi mchenga ija ikuonekabe pa chitseko dzuwa likawomba cham'mbali, ndipo atsibweni akuti sadzaifafaniza.

Kuyambira nthawi imeneyo pakhomo pathu pali malamulo atsopano. Asanakweze nsomba kapena feteleza amayala pepala la pulasitiki lochindikala m'bodi, ndipo akatsitsa amasesa ndi kutsuka tsiku lomwelo. Galimoto ikachokera ku nyanja, madzi oyamba amapita kunsi, otsala ndiwo amapita pamwamba. Mvula isanayambe ndiponso ikangotha, amaikweza pa zipika ndi kuyendera paliponse ndi tochi. Pa tchuthi ntchito imeneyi ndi yanga, ndipo sikuludiraiva ija adandipatsa kuti ikhale yanga.

Makolo athu amene muli ndi galimoto, njinga yamoto, ngolo kapena wilibala, ndikupempheni kuti mvula ya chaka chino ikatha mudzagwade ndi kusuzumira kunsi. Mwina mudzapeza zofuna ndalama, monga ankaopera atsibweni anga, koma dzimbiri silidikira kuti munthu akolole. Ndipo inu anzanga, pa tsiku lochezera makolo mukadzandiona ndagwada pambali pa galimoto ya abambo mfumu, mutu uli pansi, musadzaganize kuti ndachita changu pa mapemphero. Ndidzakhala ndikuyang'ana matope.